Mgwirizano wa Mayi Rukia

Bembeke, Dedza
14 Malichi 2022

Okondedwa achimwene a Gerevazio,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, kungoti amayi miyendo yayambiranso kutupa, moti kutchalitchi sakufikako wapansi. Mwana wanga Tikondwe akukupatsani moni. Ali Fomu 2 tsopano ndipo watalika kundiposa.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni timangopatsana moni mayunitsi n'kutha, pomwe nkhani iyi ndi yaitali. A Zondiwe oyendetsa thiraki aja alonjeza kuti adzakupatsani pamanja.

Pa Khirisimasi munati mutumiza ndalama ya feteleza wa kudimba. Ndadikira mpaka lero. Sindikukudandaulani, ndikudziwa kuti kumeneko nakonso n'kovuta, koma mvula ikangodukiza anthu ayamba kubzala mbatatesi, ndipo dimba silidikira munthu.

Ndiye ndinapita ku Dedza boma kwa Mayi Rukia, aja ali ndi shopu ya mbewu ndi mankhwala a kumunda. Iwo ndi amalonda anzawo achisilamu amasonkha ndalama n'kumalowetsa m'ntchito za anthu ang'onoang'ono ngati ife. Si ngongole. Chipembedzo chawo chimaletsa chiwongoladzanja, ndiye amachita mgwirizano womwe iwo amautchula kuti mudaraba. Iwo apereka mbewu, feteleza ndi mankhwala, ine ndipereka dimba ndi manja anga. Tikagulitsa tichotsa kaye zomwe analowetsa, phindu lotsala tigawana: pa makwacha asanu alionse, atatu anga, awiri awo. Ndinawafunsa kuti nanga mbewu ikakanika? Anati ngati si ulesi wanga, iwo ataya ndalama, ine ndataya thukuta, nkhani yathera pomwepo.

Anabwera okha kudzaona dimba, anavula nsapato n'kulowa m'matope. Anawalonjera amayi atagwada. Mnzanga Sophie wa kuseri kwa sukulu nayenso walowa. Tinasayina Lachisanu lapitali.

Mundiyankhe msanga. Ngati ilipo ndalama pang'ono, muikeko ya mankhwala a amayi.

Ndine mlongo wanu,
Agnesi

*

Turffontein, Johannesburg
2 Meyi 2022

Iwe Agnesi,

Moni. Amayi uwauze kuti ndawakumbuka. Kalata yako ndailandira dzana lomweli, thiraki ya Zondiwe inachedwa pa Mwanza ndi pa Beitbridge. Ndaiwerenga katatu ndipo mtima wanga sunakhale pansi.

Wasayina chiyani? Ndani anakuwerengera pepalalo? Ine ndili moyo, amalume a Benedict ali moyo, iwe n'kukapereka dimba la amayi m'manja mwa anthu a kumzikiti osafunsa aliyense? Ine ndakhala kunja zaka zisanu ndi chimodzi, ndaona zinthu. Palibe wamalonda amene amavomera kutaya ndalama yake. Akati alibe chiwongoladzanja ndiye kuti pali china chomwe akufuna. Lero alowa m'matope, mawa adzati dimba ndi lathu. Mkuja ndidzamva kuti Tikondwe wafunda kumutu ndipo asintha dzina. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Abambo anatumikira pa mishoni moyo wao wonse. Anthu azitinena chiyani pa Bembeke?

Ukanangodikira pang'ono. Ndalama ya feteleza inalipo, kungoti abwana anachedwetsa malipiro. Chaka chamawa dimba lonselo ndilimitsa ndine, sudzafunanso kupempha kwa mlendo. Pano ndaika marandi mazana atatu a mankhwala a amayi. Ndawalemberanso amalume.

Mchimwene wako,
Gerevazio

*

Turffontein
2 Meyi 2022

Amalume a Benedict,

Ndagwada, moni kwa inu ndi azakhali. Ine ndili bwino.

Mwina mwamva kale zomwe wachita Agnesi. Wasayinirana ndi Asilamu a ku boma pa dimba la kumtsinje lija. Inu ndinu mwini mbumba, ine ndili kutali. Chonde pitani mukathetse zimenezi malo asanapite. Mwanayu kuyambira pomwe mwamuna wake anamwalira amangochita zake. Mumuuze kuti mawu anu ndi anga ndi amodzi.

Jekete munkanena lija ndidzakutumizirani.

Mphwanu,
Gerevazio

*

Bembeke
25 Sepitembala 2022

Achimwene,

Moni. Amayi akuthokoza chifukwa cha ndalama ija, mankhwala anathandiza. Sindinakuyankheni msanga chifukwa ndinafuna kuti mbatatesi zikuyankheni zokha. Ndinkaganiza kuti mukamva mmene zayendera, mtima wanu ukhala pansi.

Zinabereka, achimwene. Chikhalire dimba lija sindinakumbepo matumba ochuluka chotere. Mayi Rukia ankabwera sabata ziwiri zilizonse, osati kudzandilondera, koma kudzaona masamba. Ndiwo anaona madontho akuda ine ndisanawaone, n'kubweretsa mankhwala tsiku lotsatira. Pogulitsa sindinakhale m'mbali mwa msewu kupsa ndi dzuwa monga kale. Anapeza ogula a ku Lilongwe okazinga tchipisi, galimoto inafika mpaka kumudzi. Fizi ya Tikondwe ndalipira ya chaka chonse. Chipinda cha amayi ndafolera malata.

Amalume anabwera kudimba mu Juni atalandira kalata yanu. Anayenda m'mizere yonse, anafunsa mayendedwe a madzi, anayamikira, n'kupita osakhudza za mgwirizano. Ndinayesa kuti zatha.

Tsiku logawana phindu ndinali mu shopu ya Mayi Rukia, anthu ogula atadzaza. Ndinangoona amalume atulukira atavala jekete munawatumizira lija. Anatulutsa kalata yanu n'kuyamba kuwerenga mokweza, mawu onse, ngakhale paja munawatchula kuti Asilamu a ku boma ofuna kulanda malo. Anawonjezera zawo zomwe sindingazilembe. Anatenga pepala lathu la mgwirizano patebulo n'kuling'amba. Anyamata a kabaza anaunjikana pakhomo kumaseka. Ine ndinasowa poyang'ana.

Mayi Rukia sanakweze mawu. Anatola zidutswa zija, anamaliza kundiwerengera gawo langa pamaso pa amalume, n'kundipatsa. Kenako anati, “Mayi a Tikondwe, ntchito yanu ndi yabwino, sindinaonepo cholakwa. Koma mgwirizano ndi ubale, ndipo ine sindilowa pakhomo pomwe eni ake sakundifuna. Mukadzagwirizana kwanu, shopu ndi yomweyi.”

Pobwerera amalume anandiuza kuti andipulumutsa. Anafunsanso ngati ndingawagawireko thumba limodzi la mbewu.

Inu simunawaonepo mayiwa. Simunaone pepalalo. Dzina la dimba silinalembedwepo ngati chikole, ndinawerenga ndekha, sukulu ndinapitako ngati inu. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, achimwene, ndipo m'mimba ndinkamva ndine. Koma zachitika. Munati chaka chamawa mulimitsa ndinu. Ndasunga mbewu yokwana theka la dimba. Feteleza ndi mankhwala zikufunika pofika mwezi wa Malichi. Ndikudikira.

Agnesi

*

Turffontein
10 Malichi 2023

Mlongo wanga Agnesi,

Moni nonse kumudziko. Pepa kuti ndakhala chete miyezi yonseyi, foni inandivuta ndipo ntchito inachuluka.

Zomwe anachita amalume mu shopu sindinawatume kuti achite choncho. Ine ndinangoti akathetse. Koma chachikulu n'chakuti dimba lidakali lathu. Chaka choyamba amakometsa dala, ndi mmene amakolera anthu. Udzandithokoza.

Za feteleza, ndalama ilipo koma ili m'manja mwa anthu. Ndilandira kumapeto kwa Juni, mosakayika. Kuti nyengo isakudutse, pita kwa amalume. Andiuza kuti a Yohana a pamphambano paja amathandiza anthu, ndipo ndi Mkhristu mnzathu, timadziwana kuyambira ku sukulu. Tenga kwa iwo zomwe zikufunika, ine ndidzabweza zonse ndi chiwongoladzanja chomwe mu Juni. Iwe sudzalipira ngakhale tambala. Akafuna chikole usaope, ndi mwambo chabe, amalume akhala mboni.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndine mwamuna pabanja pano, zisiye kwa ine.

Gerevazio

*

Bembeke
30 Julaye 2023

Mwana wanga Gerevazio,

Ndine mayi ako. Wondilembera ndi Sophie, mnzake wa Agnesi, chifukwa Agnesi wakana kugwira cholembera.

Uli moyo kodi? Nambala yako tayimba mpaka kutopa, akungoyankha mzungu wamkazi. Juni watha, Julaye akutha. Ngati ukudwala tiuze. Ngati uli m'ndende tiuze, sitikutaya.

Mlongo wako anamvera mawu ako. Anapita kwa a Yohana ndi amalume ako, anatenga ndalama, anadinda chala kuti akalephera kubweza pofika kumapeto kwa Sepitembala, dimba likhala lao. Ine ndinakana, koma amalume ako anati iwe walonjeza, ndipo mawu a mwamuna ndi ndalama.

Mbatatesi zinamera bwino, zinayamba kuchita maluwa. Sabata ziwiri zapitazi kunagwa chisanu chomwe sindinachionepo chikhalire. M'mawa udzu wonse wa m'dambo unali mbuu ngati wathiridwa ufa. Pofika masana masamba anali atada ngati awauka ndi moto. Madimba onse a kumunsi apsa, la Sophie yemwe. Agnesi anafukula phando limodzi, anapeza timbatatesi tonga mazira a njiwa. Anakhala pamzere pomwepo mpaka Tikondwe anakamutenga.

Sophie akuti ndikuuze kuti dimba lake Mayi Rukia anabwera kudzaliona, anayenda m'dimba lonse, ndipo anamuuza kuti ndi za Mulungu, ataya onse awiri, alibe naye mangawa. Ayambiranso limodzi mvula ikagwa. Ine sindikuwonjezerapo kanthu, uli ndi makutu.

A Yohana afika kale kawiri pakhomo pano. Amalonjera bwino, amakhala pampando, amafunsa za miyendo yanga, kenako amafunsa ngati wa ku Joni watumiza. Ndalama yomwe akuitchula tsopano ndi yoposa yomwe anapereka ndi theka. Ndatuma mawu kwa amalume ako kuti akatipepesere atiwonjezere masiku, akuti pepala ndi pepala.

Mwana wanga, dimba lija anandisiyira ndi amayi anga, iwonso anasiyiridwa ndi amayi awo. Iwe ndi Agnesi ndinakulererani mmenemo, ndikukugonekani pansi pa nthochi ine ndikuthirira. Sindikupempha za mankhwala, miyendo isiye itupe. Tumiza ya a Yohana yokha. Ngakhale theka, mwina angamve chisoni.

Mayi ako

*

Katlehong
12 Okutobala 2023

Amayi ndi mlongo wanga Agnesi,

Moni wa chimwemwe kwa nonse. Lero ndakumana ndi Zondiwe pamalo oimika mathiraki ali pafupi kunyamuka, ndiye ndikulemba mothamanga nditatsamira pa tayala. Akuti anasiya kalata yanu kunyumba yanga yakale ku Turffontein, koma ine ndinasamukako mu Epulo. Ndidzapita kukaitenga ndikapeza mpata. Ndikhulupirira mwakolola bwino ndipo Agnesi wawabwezera a Yohana kuchokera m'mbatatesi. Ine ndidzakubwezera iwe, usadandaule.

Tsopano ndikuuzeni zoona, popeza zoipa zadutsa. Ntchito inandithera mu Okutobala chaka chatha. Ndinachita manyazi kunena. Ndinkayembekeza kuti abwana andipatsa ndalama ya zaka zomwe ndinagwira, ndiyo ndinkati ibwera mu Juni, koma kampani inatsekedwa. Foni ndinagulitsa. Miyezi iwiri ndinagona m'galaja ya munthu.

Mulungu sataya wake. Ndinakumana ndi Musa, Msilamu, mwana wa kwathu konko, kwao ndi ku Mayani. Ali ndi timashopu titatu m'lokeshoni muno. Anandisunga kwake sabata zitatu osandilipiritsa, kenako anati titsegule kashopu kachinayi limodzi. Iye waika ndalama zambiri, ine ndaika zochepa zomwe ndinapeza m'maganyu pamodzi ndi manja anga. Palibe chiwongoladzanja. Phindu timagawana mwezi ndi mwezi, zikavuta titaya tonse monga mwa zomwe aliyense anaika. Iye amati musharaka. Sanandifunsepo za chipembedzo, Lamulungu amandiuza yekha kuti tseka upite kutchalitchi. Anthuwa pa malonda ndi olongosoka, ndaona ndi maso anga.

Agnesi, mwina zikufananako ndi zija unkachita ndi mayi aja. Nthawi ija ndinalibe wondifotokozera bwino. Ngati ukufuna kubwererako chaka chamawa, ndikulola. Amalume ndiwalembera.

Ndaika marandi mazana asanu ndi atatu, phindu langa loyamba. Mugule shuga ndi nsapato za Tikondwe. Pa Khirisimasi ya chaka chamawa ndibwera ndithu.

Wanu,
Gerevazio

*

Bembeke
20 Novembala 2023

Achimwene a Gerevazio,

Moni. Tathokoza kumva kuti muli moyo. Amayi anali atayamba kale kufunsa ngati maliro a ku Joni amabwera ndi ndege kapena pamsewu.

Kalata yanu ndinawawerengera amayi pakhonde. Nditafika paja mwati mukundilola, anandiuza kuti ndiime. Analowa m'nyumba ndipo sanafunenso kumva zotsala. Ine ndinamaliza ndekha.

Kalata yomwe simunakatenge ija inali ya amayi. Musavutike kukaitenga, yatha ntchito. Ndikuuzani mwachidule. Chisanu chinapsereza mbatatesi zonse mu Julaye. Ndinagulitsa mbuzi ziwiri, njinga ya malemu bambo a Tikondwe ndi malata asanu omwe anatsala, koma sizinafike ngakhale pa theka. Pa 2 Okutobala a Yohana anabwera ndi pepala lao ndi anthu awiri. Tinapita kubwalo. Anafunsa ngati chala chili papepalacho ndi changa, ndinati ndi changa. Anafunsa mboni, amalume anaimirira n'kunena kuti zonse zinayenda mwachilungamo. Dimba linapita tsiku lomwelo, masiku khumi inu musanatsamire pa tayala kulemba za chimwemwe chanu.

Tikondwe teremu ino sanapite ku sukulu. Nsapato sindinagule, alibe kovalira. Ndalama yanu ndagula chimanga matumba awiri.

Munati munalibe wokufotokozerani bwino. Ndinakufotokozerani ine, m'kalata yoyamba, mawu omwewo omwe akuuzani a Musa. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo ndi mwamuna ndipo anakupezani muli ndi njala. Ine njala yanga simunaione chifukwa inali kutali. Simunachite manyazi kundilamula, koma munachita manyazi kunena kuti ntchito yatha. Mukanalemba mzere umodzi wokha mu Malichi, woti mlongo wanga ndilibe kanthu, ndikanabzala theka la dimba ndi manyowa a mbuzi. Chisanu chikanapsereza mbewu yokha.

Sindikunena kuti mumadana nane. Ndikudziwa munkaopa kuti malo apita. Usiku ndi usana ndimayesa kukukwiyirani mpaka pamapeto, koma ndimakumbukira kuti munagona m'galaja, ndiye mkwiyo umasanduka chinthu china cholemera chomwe sindikuchidziwa dzina.

Kwa Mayi Rukia ndinapitako sabata yatha, osati chifukwa mwandilola. Ndinapita kukapepesa za tsiku lija, popeza pabanja pathu palibe anapitako. Anandilowetsa kuseri kwa shopu, anandipatsa tiyi ndi mandasi. Anali atamva kale zonse. Anati iwonso chaka chino ataya zambiri m'madimba asanu ndi awiri, ndipo anzawo ena osonkha nao ayamba kubwerera m'mbuyo. Komabe anandifunsa kuti, “Muli ndi malo ena oti tingalimepo?” Ndinati ndatsala ndi kamunda ka chimanga ka kumtunda, kopanda madzi. Anati akadzapeza wobwereketsa dimba adzandiitana, koma asandinamize, sizichitika chaka chino. Potuluka anandigwira dzanja nthawi yaitali. Sophie wabzala kale za mvula, mbewu ndi feteleza zinafika ndi ngolo Lachiwiri.

Mwati muwalembera amalume. Musawalembere za ine, lero kapena mtsogolo. Koma ngati mukufuna kuwalembera, muwafunse kuti ndalama yogulira dimba kwa a Yohana anaitenga kuti, chifukwa patangotha sabata zitatu chiweruzireni mlandu, dimba lija analigula ndi iwo. Anthu akuti anagwirizana ndi a Yohana kalekale. Ine sindinaone, sindinganene. Iwo akuti achita zimenezi kuti malo asatuluke m'banja.

Dzulo ndinadutsa kumtsinje pochokera kuchigayo. Amalume azula nthochi za amayi, abzala kabichi mpaka m'mphepete mwa madzi. Anandiona, anandiitana ndi dzina langa la ubwana, n'kundiuza kuti akufuna anthu opalira, ndipo popeza ndimalidziwa bwino dimbalo, andilipira mofanana ndi amuna. Akuti ndibwere Lolemba ndi khasu langa.

Amayi sindinawauze za ganyuyu. Ndidzawauza kuti ndikupita kwa Sophie. Koma ndipita, achimwene, chifukwa matumba awiri aja safika Febuluwale.

Mupereke moni kwa a Musa.

Agnesi